Bokosi Linafa Tsiku la Maliro

Mlandu wa bokosi unandipeza Lachitatu m'mawa ndisanamalize n'komwe kumwa tiyi. Ine ndine Sajeni Vivian Njobvu. Ndakhala mu upolisi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndathamangitsapo akuba ng'ombe mpaka m'malire a Mozambiki, koma imfa ya bokosi ndinali ndisanaifufuzepo. Za makompyuta sindizidziwa, ndipo sindichita nazo manyazi. Ine ndimadziwa anthu. Makina akafa pa nthawi yeniyeni imene munthu wina akufuna kuti afe, ndimayamba ndafunsa za munthuyo.

Amene anabweretsa dandaulo anali a Mailosi Kamanga, wapampando wa bungwe la alimi la Khasu Limodzi, lomwe ofesi yake ili kuseri kwa msika wa pa boma. Ndi bambo wojintcha, wokonda jekete ngakhale dzuwa la Novembala likuswa mtengo. Tsikulo mawu awo anali atasasa kwambiri moti ndinachita kusendera pafupi kuti ndimve.

"A Sajeni, atiphera bokosi," anatero monong'ona.

Anafotokoza kuti zaka ziwiri zapitazo bungwe lawo linayenda ndi akuluakulu m'minda, n'kumawajambula kanema akuloza malire ndi kutchula mwini munda aliyense. Anachita zimenezo chifukwa wamkulu akangomwalira, malire amayamba kuyenda okha. Makanema onsewo ankasungidwa m'kabokosi kakuda kolumikizidwa ndi makompyuta atatu a muofesi. Lolemba m'mawa anapeza bokosilo likulira, kagetsi kofiira kali psuu, ndipo palibe kanema ndi mmodzi yemwe amene ankatseguka.

"Ndiye walipha ndani?" ndinafunsa.

"Fainesi, amene amasesa muofesi. Ankalifunditsa nsalu, ndiye lapsa ndi kutentha. Tamuimitsa kaye ntchito."

"Mwangozi?"

"A mlembi athu akuti n'zadala. Mkucha Lachisanu, Fainesi ali ndi mlandu wa munda ndi msuweni wake Lemmy. Kanema wa munda umenewo anali m'bokosi lomwelo."

Ndinasiya tiyi wanga kuti ntchentche zimalize.

*

Fainesi ndinamupeza atakhala pansi pakhonde la ofesi, miyendo atatambasula, nsalu yoyera yoluka pamanja ili pamiyendo pake. Ndi mayi wamasiye wa ana atatu, wa ku Pembamoyo. Sanadikire kuti ndimufunse kawiri.

"Ndinkafunditsa, inde. Sindikukana."

"Kuyambira liti, amayi?"

"Chimwalirireni atsibweni anga a Manase. Yakwana miyezi isanu ndi umodzi. Mawu awo ali mmenemo, a Sajeni. Wailesi timaifunditsa, makina osokera timawafunditsa. Ndiye atsibweni anga azingokhala pafumbi?"

Ndinatulutsa kabuku kanga. Ndinamufunsa za munda. Anati uli m'mbali mwa mtsinje, ndipo ndi umene wakhala ukudyetsa ana ake chimwalirireni bambo awo. A Manase anamupatsa iye, mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo. Tsopano Lemmy, mwana wa a Manase amene amakhala ku Chipata, akuti mundawo ndi wa bambo ake ndipo aufuna. Kubwalo analamula kuti pasapezeke wodzalamo mpaka mlandu utaweruzidwa. Mbewu ya mtedza anali atasenda kale, mitambo inali itayamba kusonkhana, koma iye ankangoyang'ana.

"Kanemayo munamuonapo?"

"Ayi. Lamulo la bungwe ndi lakuti amatsegula tsiku la mlandu, mbali zonse ziwiri zilipo. Tsiku lojambula ine kunalibe, ndinkadwazika malemu amuna anga. Kunali atsibweni ndi a mlembi basi."

"Nanga kanemayo akapanda kupezeka?"

Anayang'ana nsalu ija. "Mboni yanga ndi yomweyo. Ndilibenso ina."

Anandiuzanso kuti Loweruka anasesa cha m'ma seveni, kagetsi kali kobiriwira monga mwa nthawi zonse. Kenako anakiya n'kupita kumaliro ku Zingalume, kumene anatandala akutunga madzi ndi amayi anzake.

Mlembi, Aleck Mvula, anali m'kati. Ndi mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, malaya ositidwa bwino, kumwetulira kosatha. Pambali pa ulembi amabwereketsa zokuzira mawu m'maukwati ndi m'maliro. Anandipatsa mpando ndisanapemphe.

"N'zomvetsa chisoni, bwana," anatero. "Ndinamuchenjezapo kangapo za nsaluyo. Zipangizo izi zimafuna mpweya. Koma munthu wosaphunzira mungamuuze chiyani?"

"Inu ndi amene munajambula a Manase. Anatchula ndani?"

"Aa, bwana, tinajambula minda yoposa mazana atatu. Koma ngati mutu wanga ukugwira bwino, anatchula Lemmy."

"Loweruka munali kuti?"

"Kumaliro a akatekisiti athu ku Zingalume, kuyambira m'mawa mpaka titaika. Zokuzira mawu zinali zanga. Funsani a tcheya."

A Mailosi anagwedeza mutu kuvomereza. Onse atatu okhala ndi makiyi a ofesi, a Mailosi, Aleck ndi Fainesi, anali kumaliro, ndipo Lemmy anali ku Chipata, ulendo wa minibasi. Mlandu wooneka woyera chotere ine umandinunkhira.

*

Ndinatumiza uthenga kwa Karen Daka. Karen ali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta mumsika, pafupi ndi osoka nsapato, ndipo ndi iye amene anadzalumikiza bokosilo pamene linkagulidwa. Ndi mkazi wamfupi, wolankhula mothamanga, ndipo zikhadabo zake sizikhala zopanda utoto wofiira ngakhale akugwira sikuludiraiva tsiku lonse. Aleck anali atapempha kuti apite kunyumba akadye, ndipo ndinamulola dala. Ndinkafuna kuti bokosi litsegulidwe iye palibe.

"A Sajeni, bokosi ili lili ngati nkhokwe," anatero Karen akumasula. "M'kati muli mahadi disiki awiri, ndiwo amasunga zinthu. Awiriwa ndi mapasa. Chimene chalembedwa pa ina chimalembedwanso pa inzake, n'cholinga choti ina ikafa, inzake itsale ndi zonse."

"Nsalu ingawaphe?"

"Ingadwalitse imodzi, pang'onopang'ono. Koma onse awiri tsiku limodzi? Pokhapokha ngati nsaluyo ndi yamankhwala."

Anasolola disiki yoyamba, kachitsulo kolemera ngati njerwa yaing'ono. Anaitembenuza. Anasolola yachiwiri, naitembenuzanso. Kenako anaika onse awiri patebulo n'kupukusa mutu.

"Awa si ana anga," anatero.

"Mukutanthauza chiyani?"

Anandionetsa chikhadabo chake. "Chilichonse chimene ndaika m'makina a munthu ndimachidontheza utoto uwu pakona, kuti mawa asadzabwere n'chinthu china n'kumati ndinamuikira chakufa. Apa dontho lili kuti? Ndiponso taonani apa."

Analoza timabowo tolowetsamo masikuluwu m'mbali mwa disikiyo. Tiwiri tinali totsekeka ndi dothi louma, lomatidwa bwinobwino. Anakolokosa ndi singano ndipo munatuluka kachilombo kouma.

Ndinaseka mokweza. Ngakhale ine mbuli ya makompyuta ndinazizindikira. Ndi ntchito ya mavu aja omata dothi, amene amatseka kabowo kalikonse ka chinthu chimene chagona m'nyumba chaka osachigwira. Mavu sangamange m'chinthu chotentha, chozungulira usana ndi usiku, chofunditsidwanso nsalu.

"A tcheya, makompyuta akale akufa mumasunga kuti?" ndinafunsa a Mailosi.

Anatitengera ku kachipinda ka katundu kuseri kwa ofesi. Pakati pa makasu othyoka ndi matumba akale panali makompyuta anayi okutidwa ndi fumbi. Awiri anali otsegulidwa chakumene, zala zikuonekera pafumbipo, malo a madisiki ali pululu.

"Kiyi wa chipinda chino ali ndi ndani?"

"Ine ndi a mlembi."

"Fainesi?"

"Ayi. Iye ali ndi wa ofesi yekha."

Choncho bokosi silinafe. Munthu wina analichotsa mtima n'kuikamo mitembo, kenako n'kubwezeretsa nsalu ya mayi wamasiye pamwamba pake kuti imusenzere mlandu. Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ndimayenda mofulumira.

*

Moyang'anizana ndi ofesiyo pali mtengo wa mango, ndipo pansi pake pamakhala mayi Lydia ndi chiwaya chawo cha zitumbuwa. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mboni zabwino kuposa mlonda aliyense, chifukwa sagona ndipo salipidwa kuti akhale chete.

"Loweruka? Ine ndinali pompano, mwana wanga," anatero akutembenuza zitumbuwa. "Mwendo uwu watupa, Zingalume ndingafikeko? Msika wonse unali zii, ngati kwagwa nkhondo. Ndinagulitsa zitumbuwa zisanu ndi ziwiri tsiku lonse, ziwiri ndinadya ndekha."

"Munaona munthu akulowa muofesimo?"

"Kuona nkhope ayi, ndisanamizire munthu, ndine wa Chikatolika. Koma dzuwa lili pamutu panabwera njinga yamoto, inazungulira kuseri. Munthuyo anavala chisoti. Kumbuyo anamangirira batire lalikulu ndi mphira, lija la galimoto. Patapita nthawi ndinamva kanthu kakulira m'katimo, tii, tii, tii, ngati mwanapiye wotayika. Kanalira mpaka ine kuweruka."

"Njingayo ndi ya ndani?"

"Njinga zamoto pa boma pano zachuluka kuposa agalu. Tengani chitumbuwa, musaime chabe. Loweruka likubwerali simundipeza pano, ndikakazinga ku ukwati."

"Ukwati wa yani?"

"Simunamve? Wa a mlembi omwewa! Akukwatira Precious, mwana wa malemu a Manase, mlongo wake wa Lemmy. Akuti mlamu wawo awapatsa malo olima m'mbali mwa mtsinje. Mtsikanayo dzulo anali pano, kunyada! Akuti a Aleck apeza chosungira nyimbo chachikulu, ngakhale anthu avine sabata yathunthu nyimbo sizibwerezedwa."

Ndinalipira chitumbuwacho ngakhale anakana. Chinali chitumbuwa chaphindu kwambiri chimene ndinadyapo.

*

Panatsala chinthu chimodzi. A Mailosi anali atachitira umboni kuti Aleck anali kumaliro tsiku lonse, ndipo a Mailosi sanandionekere ngati munthu wabodza. Ndinabwerera muofesi n'kuwapeza akumwa madzi ofunda.

"A tcheya, mawuwa anasasa liti?"

"Loweruka lomwelo. Ndine ndinawerenga mbiri ya malemu."

"Pa zokuzira mawu?"

"Zikanakhala choncho bwenzi ndikulankhula bwino lero. Nditangoimirira, batire linatha. Chinamtindi cha anthu chija ndinachita kukuwa ndi pakamwa pokha. Alaliki nawonso chimodzimodzi, ndi amayi a kwaya omwe."

"Ndiye a mlembi anachita chiyani?"

"Anathamanga ndi njinga yawo yamoto ku boma kukasintha batire. Anabwera tili pafupi kunyamuka kupita kumanda."

"Maola angati?"

Anawerenga ndi zala. "Awiri, mwina kuposerapo."

"Nanga bwanji munandiuza kuti anali kumaliro tsiku lonse?"

Anandiyang'ana modabwa kwenikweni. "Koma a Sajeni, munthu wotumidwa ndi maliro ndiye kuti ali pamaliro. Opita kukatola nkhuni timati sanabwere?"

Apo m'pamene Aleck anadalira. Ankadziwa kuti mudzi wonse ukhoza kulumbira kuti anali pamaliro, ndipo palibe amene akananama. Ndikukhulupirira kuti ngakhale batire lija anapita nalo losatchaja mwadala.

Ndinafotokozera Karen zonse, mpaka za chosungira nyimbo. Ndinkayembekezera kuti aseka. M'malo mwake anadzuka mwadzidzidzi mpaka mpando unagwa.

"Nyimbo? Akuika nyimbo pa disiki yanga?"

"Zikuoneka choncho. Bola ilipo."

"Simukumvetsa! Disiki ya m'bokosi ili, laputopu yake singaiwerenge. Akangoilumikiza imamufunsa kuti ifomate, iye n'kuvomera. Kufomata kuli ngati kuzula zikhomo za malire, mbewu zimakhala zikadali m'nthaka, ndikhoza kuzifukula. Koma nyimbo iliyonse imene akuikamo ndi khasu lolima pamwamba pa mbewuzo. Zimene walimapo sizibwereranso, ngakhale mutaitana katswiri wa ku Lusaka."

"Ndipo pano ali kunyumba."

"Ali kunyumba, akulima!"

*

Nyumba ya Aleck sitinachite kufunsa. Tinangotsatira phokoso la nyimbo kuchokera pamsewu. Ine, Karen ndi Konsitebo amene ndinamutenga pa siteshoni tinafika thukuta lili kamukamu. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tinamupeza mkwati ali pakhonde, akugwedeza mutu, laputopu ili patebulo. Pagalasi pake kamzere kobiriwira kankakwawa pang'onopang'ono. Pambali panali kachitsulo konga njerwa yaing'ono, kolumikizidwa ndi chingwe.

"Chotsani manja patebulo, a mlembi," ndinatero.

Karen anadumpha masitepe awiri nthawi imodzi, nadina batani loimitsa. Kamzere kaja kanaima. Aleck anali akukopera makanema a magule, zinthu zikuluzikulu, ndipo anali asanafike pakati.

"Ichi n'chiyani, bwana?" Kumwetulira kunali kukadalipo koma kunali kutauma. "Disiki iyi ndinagula ku Chipata."

Karen anaitembenuza. Pakona panali dontho lofiira. Anaika chikhadabo chake pambali pa dontholo. Utoto unali umodzi.

Munthu wodziona wanzeru akagwidwa safuna kuoneka wopusa, ndipo apo m'pamene amadzimanga yekha. Aleck anakhala pansi, napinda manja.

"Chabwino. Koma palibe chimene mupezemo. Ndinafomata. Ndiponso iyi ndi theka chabe. Inzake alamu anga a Lemmy anaiphwanya ndi hamala Lamlungu n'kuiponya m'chimbudzi. Ngolo ya gudumu limodzi inayendapo?"

Konsitebo analemba mawu amenewo mmene anatulukira. Karen anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achimwene, mwakhala ndi bokosi lija zaka ziwiri osadziwa? Si magudumu aja, ndi mapasa. Iliyonse ili ndi zonse."

Ndinaona nkhope ya munthu ikugwa ngati khoma la dothi m'mvula. Ndinamufunsa funso limene linkandivuta njira yonse.

"Munali ndi onse awiri m'manja. Bwanji simunataye onse?"

Anayang'ana disikiyo mwachisoni. "Chinthu chabwinobwino, bwana? Chamtengo wake chija? Ndichiponye m'chimbudzi?"

Kunena zoona ndinamumvetsa. Kuno sititaya kanthu. Tayala lakutha timasokera nsapato, chigubu cha mafuta ophikira chimatunga madzi zaka khumi, thumba la feteleza limasanduka chikwama cha mwana wa sukulu. Aleck anatha kunamizira mayi wamasiye, anatha kugwiritsa ntchito maliro a akatekisiti, koma kutaya chitsulo chogwira ntchito mtima wake unakana. Ndinamumanga unyolo, ndipo ndinaimbira anzathu a ku Chipata kuti akamuchezere Lemmy.

*

Kugwira wakuba inali mbali yophweka. Munda wa Fainesi unali usanapulumuke.

Karen anakana kufufuza pa disiki yeniyeniyo. "Mboni sitiichita opaleshoni," anatero. Anayamba wakopera zonse zimene zinali mmenemo, zooneka ndi zosaoneka, kupita pa disiki ina yatsopano, ndipo ine ndinatsekera yeniyeniyo mu envulopu n'kusainira. Kukoperako kokha kunatenga mpaka Lachinayi m'mawa. Mwamwayi kashopu kake kali ndi sola, ndiye za magetsi sitinadandaule. Kenako anatsegula pulogalamu imene imapeta disiki yonse ngati mayi wopeta mphale, kufunafuna chilichonse chooneka ngati kanema.

Cha m'ma leveni makanema anayamba kutuluka. Koma anatuluka opanda maina, manambala okhaokha. Ena ankatseguka bwinobwino. Ena ankayamba ndi gogo akuloza mtengo, kenako n'kuduka. Ena anali atafa ndithu.

"Apulumuka angati?" ndinafunsa.

"Mwa khumi alionse, asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Mukanachedwa tsiku limodzi, bwenzi tikukamba zina."

"Wa a Manase ali m'gulu liti?"

"Zimenezo makina sangandiuze. Pakufunika munthu wodziwa mundawo."

Ndinaitanitsa Fainesi. Anakhala pa benchi m'kashopumo, nsalu yake ija ili m'manja, Karen n'kumatsegula kanema mmodzimmodzi. Fainesi ankangoona kamphindi.

"Ayi, uko ndi kwa a Sakala."

"Ayi, umenewo ndi mtsinje wina."

"Ayi."

Ndinawerenga ma ayi okwana zana limodzi, kenako ndinasiya kuwerenga. Kunja kunkatentha mwa mtundu uja wonena kuti mvula ili pafupi. A Mailosi anabwera n'kuima pakhomo, jekete lili m'manja. Ndinauza Konsitebo kuti abweretse Aleck kuchokera m'chitokosi, chifukwa ndinkafuna kuti wojambula adzazindikire ntchito ya manja ake pamaso pa mboni. Sindinakayike kuti tipeza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti khasu la nyimbo linadutsa pati.

Itangokwana folo koloko, Karen anatsegula wina. Pagalasi panangooneka timabokosi tobiriwira ndi tofiirira, tikuthyokathyoka, mawu akukhotakhota ngati wailesi ya mabatire akutha. Karen anasuntha dzanja kuti apite kwa wotsatira.

"Dikirani," anatero Fainesi. Anali ataimirira. "Chifuwa chimenecho."

Tinamvetsera. Pakati pa phokosolo panali munthu akutsokomola, kawiri motsatizana, kenako kamodzi.

"Ndi atsibweni. Ankatsokomola choncho."

Karen anausiya kanemayo kuti apitirire. Mphindi imodzi yathunthu inali yowonongeka. Yachiwirinso chimodzimodzi. Ndinamva Aleck akupuma mwamphamvu kumbuyo kwanga, ndipo ndikudziwa chimene ankapempherera. Kenako timabokosi tija tinayamba kuchepa, ndipo mwadzidzidzi chithunzi chinayera. Gogo wochepa thupi, wovala chipewa cha mlaza, anali ataima pamwamba pa chulu, ndodo ili m'manja. Kumbuyo kwake kunali mtengo wa mkuyu ndi mtsinje.

"Ndibwereze, kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve," anatero gogoyo. "Ine Manase, ndikunena ndili ndi nzeru zanga. Kuyambira pa chulu ndaimapa, kutsika mpaka pa mkuyu uwo, kukhota ndi mtsinje mpaka pa mwala wosweka, munda uwu unali wa amayi anga. Ndikuusiya m'manja mwa Fainesi, mwana wa mlongo wanga, adyetsemo ana ake. Lemmy ndi mlongo wake ndinawaphunzitsa sukulu, cholowa chawo n'chimenecho, ndipo akudziwa."

Anatsokomola, kawiri kenako kamodzi. Kenako anayang'ana molunjika kwa wojambulayo.

"Iwe Aleck, zalowa m'kamakina kakoko?"

"Zalowa, agogo," anayankha mawu amene tonse tinawazindikira.

"Usunge bwino, mwanawe. Anthu amaiwala."

"Musadandaule, agogo. Ndisunga ngati diso langa."

Kanemayo anathera pomwepo. A Mailosi anatembenuka n'kumuyang'ana mlembi wawo, ndipo sanafunikire mawu, omwe analibe n'kale. Aleck anali atazyolika, unyolo uli pamiyendo.

"Mwasungadi, a mlembi," ndinatero. "Pa zimenezo zokha ndikakuchitirani umboni."

Fainesi sanamuyang'ane n'komwe. Misozi inkatsika koma nkhope yake inali yowala, ndipo ine amene ndaona zambiri pa ntchitoyi ndinachita kuyang'ana kudenga kwa kanthawi. Anapempha kuti amuonetsenso, ndipo Karen anamuonetsa. Anapemphanso kachitatu. Karen anakopera kanemayo malo atatu osiyana, kope limodzi la kubwalo, lina la bungwe, lina langa.

"A tcheya," anatero Karen, "ndikaika madisiki atsopano m'bokosi lija. Koma kuyambira lero muzikhala ndi kope lina kunja kwa ofesi. Mapasa ogona chipinda chimodzi amabedwa limodzi."

A Mailosi anavomera ndi mutu. Kenako anapita kwa Fainesi, navula chipewa, n'kunong'ona ndi timawu tawo totsalato kuti, "Amayi, tinakulakwirani. Lolemba mubwere kuntchito."

"Ndibwera Lachiwiri," anayankha Fainesi. "Mawa kubwalo. Akangogamula, Loweruka ndi Lolemba ndili kumunda."

Anayamba kupinda nsalu yake yoluka ija, bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Karen anamugwira paphewa.

"Amayi, chinthu chimodzi chokha. Simunaliphe bokosi lija, koma musadzalifunditsenso. Limafuna mpweya."

"Ndamva, asisi," anatero Fainesi. Kutali cha ku Pembamoyo kunamveka kugunda koyamba kwa chaka. Anatchera khutu, kenako anaika nsaluyo m'khwapa. "Atsibweni alankhula, safunanso chofunda. Iyi ndikamangiramo mbewu ya mtedza."